Njinga iyende pati mu msewu? Mafunso ndi mayankho kwa apanjinga a ku Mecanhelas

Aliyense amene anaphunzira kupalasa njinga m'midzi ya ku Mecanhelas anamvapo langizo ili: uziyenda m'mbali, galimoto ingakugunde. Makolo amalipereka ndi mtima wabwino, monga mmene iwonso analilandirira. Koma langizoli ndi loona theka lokha, ndipo theka linalo ndi limene limagwetsa anthu. Boma lino, lomwe lili kummwera kwa chigawo cha Niassa, lakhala pa njinga. Matemba ndi mlamba wa ku Chilwa ndi ku Chiuta, mpunga wa m'madambo, nandolo, chimanga chopita kuchigayo ndi makala, zonsezi zimafika ku Insaca ndi ku Entre Lagos zitamangidwa pa keliyala. Misewu yambiri ndi yadothi, ndipo njingazo zimaphangirana njira ndi malole, machapa ndi njinga zamoto zimene zikuchulukirachulukira. Malo amene munthu wapanjinga ayenera kuyendamo ndi nkhani yofunika kuiganizira mofatsa.

Kodi kuyenda m'mphepete mwenimweni mwa msewu sindiko kudziteteza?

Ayi, ndipo chifukwa chake chili pansi pomwepo, pamene tayala limaponda. Matayala a galimoto amakankhira mchenga ndi timiyala m'mbali mwa msewu, choncho m'mphepete ndi mmene muli dothi lofewa kuposa pena paliponse. Mvula ikagwa, madzi amathamangira komweko n'kukumba tingalande, ndipo udzu ukamera umabisa maenje, zitsa ndi minga. Njinga imene yanyamula thumba la makilogalamu 50 kumbuyo imapepuka kutsogolo. Tayala lakutsogolo likangolowa mu mchenga, handulo imakhotera komwe yafuna, ndipo mwini njingayo sasankha mbali yogwera. Akhoza kugwera ku udzu, akhozanso kugwera pansi pa matayala akumbuyo a lole imene ikumudutsa nthawi yomweyo. Munthu amene wakanirira m'mphepete alibenso kothawira: mbuzi kapena mwana akatulukira m'udzu, malo okhawo okhotera ndi kumanja, kumene kuli magalimoto.

Chifukwa chachiwiri chili m'maso mwa dalaivala. Woyendetsa galimoto amayang'ana kwambiri kutsogolo, kumene galimoto yake ikupita, ndipo zimene zili m'mbali amaziona ngati mitengo ndi zulu. Njinga ikakhala m'mphepete, iye amaona kuti njira ndi yotseguka, sachotsa phazi pamoto, ndipo amadutsa ngakhale kutsogolo kukubwera galimoto ina. Tiyeni tiwerengere. Lole yaikulu m'lifupi mwake ndi mamita awiri ndi theka. Njinga imene yapingasa thumba la makala kapena dengu la nsomba imatenga mita yathunthu, nthawi zina kuposa apo. Mbali imodzi ya msewu wabwino wa phula imakhala pafupifupi mamita atatu ndi theka, ndipo misewu yadothi yambiri ndi yopapatiza kuposa pamenepo. Lole ndi njinga zikayenda pambali imodzi, mpata pakati pawo sukhalapo. Wapanjinga akadzipanikiza m'mbali amakhala ngati akuuza dalaivala kuti malo alipo, pamene palibe.

Nanga malo oyenera kuyendamo ndi ati?

Ndi kumanzere, pafupifupi mita imodzi kuchokera pamene msewu wolimba wathera. Pa msewu wadothi malowa savuta kuwazindikira, chifukwa nthawi zambiri ndi mzere umene matayala akumanzere a galimoto amaponda, pamene dothi ndi logangatika. Pamenepo njinga imayenda mowongoka, dalaivala amaiona ali patali, ndipo kumanzere kumatsala mpata wothawirako chinthu chikachitika. Kuyenda mowongoka n'kofunika mofanana ndi malowo. Munthu amene akuzemba maenje molowa ndi kutuluka amasokoneza amene akubwera kumbuyo, chifukwa sadziwa kuti sekondi yotsatira adzakhala pati.

Pali malo ena amene mita imodziyo siikwana, ndipo wapanjinga ayenera kulowa pakati pa mbali yake ya msewu: pa mlatho wopapatiza, pa gulaye pamene kutsogolo sikukuoneka, poyandikira mphambano, ndi podutsa pamsika pamene magalimoto akuyenda pang'onopang'ono ndipo ena aima m'mbali. M'malo amenewa kudutsa njinga n'koopsa, ndiye ndi bwino kuti dalaivala asaone n'komwe kampata komukopa. Podutsa galimoto imene yaima, siyani mpata wokwana chitseko chotsegula, popeza anthu otsika m'chapa sayang'ana kumbuyo. Maganizowa si atsopano. John Franklin wa ku Britain anawafotokoza m'buku lake la Cyclecraft m'chaka cha 1988, ndipo mu January 2022 malamulo a pamsewu a dzikolo anayamba kulangiza apanjinga kuyenda pakati pa mbali yawo m'misewu yopanda magalimoto ambiri, pamphambano ndi pamene msewu wapanikizika, komanso kusiya theka la mita kapena kuposa kuchokera m'mphepete pa misewu yodzaza.

Kodi lamulo la Mozambique limalola zimenezi?

Código da Estrada, lamulo la pamsewu la m'chaka cha 2011, limawerengera njinga m'gulu la zinthu zoyenda pamsewu, ndipo wopalasa ndi woyendetsa ngati mnzake wa galimoto. Limalamula kuti tonse tiziyenda kumanzere, moyandikira m'mbali, koma mosiya mpata wokwanira kupewa ngozi. Mbali yomalizayi ndi imene anthu amaiwala. Kuyenda mu mchenga wa m'mphepete, pamene tayala lingaterereke nthawi iliyonse, sikupewa ngozi ayi. Mita imodzi pa dothi lolimba ikugwirizana ndi cholinga cha lamuloli. Lamulolo silikupatsa wapanjinga ufulu woyenda pakati pa msewu wonse, kapena wotsekereza magalimoto kwa makilomita ambiri pamene malo opatukira alipo. Anthu atatu oyenda moyandikana m'lifupi mwa msewu akucheza nkhani za kudambo, amenewo ndi olakwa, ndipo nkhani ino siikuwaikira kumbuyo. N'zothandizanso kudziwa kuti dziko la Portugal, limene malamulo ake a pamsewu amafanana kwambiri ndi athu m'kalembedwe, linasintha lamulo lake kuyambira mu 2014 ndipo tsopano limakakamiza dalaivala kusiya mita imodzi ndi theka podutsa njinga.

Zimenezo ndi za ku Ulaya. Kuno lole imangoliza hutala osachepetsa liwiro. Kodi simukutuma anthu kukafa?

Funso ili ndi lolemera, ndipo amene amalifunsa amadziwa msewu wa Insaca ndi Cuamba kuposa wolemba buku aliyense wa kunja. Ku Britain dalaivala amadziwa kuti akapanikiza njinga akhoza kulipitsidwa kapena kulandidwa laisensi. Pa msewu wa kumudzi kwathu kuno wapolisi wa pamsewu ali kutali, mabuleki a lole yodzaza ndi fodya kapena chimanga sagwira msanga pa dothi, ndipo madalaivala ena anazolowera kuti hutala ikalira njinga imasowa yokha. Palinso umboni wina wosatsatira ndendende zimene ndikunenazi. Ian Walker, amene nthawi imeneyo anali pa yunivesite ya Bath, anapalasa njinga yokhala ndi chida choyezera mpata, n'kulemba magalimoto oposa 2,000 amene anamudutsa, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2007 zinaonetsa kuti iye akamalowa kwambiri mkati mwa msewu, magalimoto ankamudutsa pafupi kwambiri. Choncho kungolowa mkati pakokha si mankhwala, ndipo amene angakuuzeni kuti muumirire pakati pa msewu lole ikubwera mothamanga chifukwa choti muli ndi ufulu, ameneyo sakukufunirani zabwino.

Komabe taonani chimene umboniwo ukunena ndi chimene sukunena. Walker anayeza mpata wa kumanja kokha. Munthu amene ali mita imodzi kuchokera m'mphepete, galimoto ikamuyandikira ali ndi malo kumanzere oti asunthireko, pa dothi lolimba. Amene ali kale m'mphepete, galimoto ikamuyandikira watha. Ndiye mfundo imene ndikuikira kumbuyo ndi iyi: wapanjinga ali ndi malo awiri otetezeka, mu msewu moonekera bwino, kapena kunja kwa msewu ataima phazi lili pansi. Malo achitatu, oyenda ali theka mu msewu theka mu udzu, akupalasabe, handulo ikunjenjemera mu mchenga lole ikumupita m'khutu, ndi oopsa kuposa onse. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Langizo lakale lija limaika munthu m'malo achitatuwo tsiku lonse.

Kuchita kwake kuli motere. Yendani pamalo anu, mita imodzi mkati, makutu ali tcheru. Mukamva injini kumbuyo, cheukani msanga, galimoto ikadali kutali. Kucheukako kumathandiza kawiri: inu mumaona chimene chikubwera, ndipo dalaivala akaona nkhope amadziwa kuti kutsogoloko kuli munthu amene wamuona. Ngati ndi galimoto yaing'ono kapena njinga yamoto, msewu ndi wotakata ndipo kutsogolo sikukubwera kanthu, khalani pamzere wanu, idzakulambalalani. Ngati ndi lole kapena basi, msewu ndi wopapatiza, kapena kutsogolo kukubweranso galimoto ina, musadikire hutala. Sankhani nokha malo abwino, kwezani dzanja lamanzere, tulukani mu msewu ndipo imani. Kusiyana kwake ndi kuthawira m'tchire chifukwa cha mantha n'kwakuti pano mwasankha nthawi ndi malo ndinu, njinga ikadali m'manja mwanu. Mwataya masekondi makumi awiri okha. Ndipo kucheuka osakhotetsa handulo ndi luso lophunzira. Mwana asanayambe kupita kusukulu pa njinga, ayambe waliyeserera pabwalo mpaka alizolowere.

Lole ikadutsa musalowe msanga. M'miyezi ya chilimwe, makamaka September ndi October, fumbi la lole imodzi limaphimba msewu kwa kanthawi ndithu, ndipo galimoto yachiwiri imene ikuitsatira imalowa m'fumbilo isakuona chilichonse. Dikirani mpaka muone msewu mbali zonse ziwiri.

Anthu ambiri amakonda kuyenda kumanja kuti aziona galimoto ikubwera. Kodi pamenepo alakwa chiyani?

Langizo loyenda moyang'anana ndi magalimoto ndi la anthu oyenda pansi, ndipo kwa iwo ndi labwino, chifukwa munthu wapansi akhoza kudumphira kumbali m'kaphindi. Njinga, makamaka yonyamula katundu, siidumpha. Masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti galimoto ikuyenda makilomita 60 pa ola ndipo njinga makilomita 15. Zikamalowera kumodzi, galimoto imayandikira njinga pa liwiro la makilomita 45 pa ola, ndipo dalaivala amene waona njingayo pa mtunda wa mamita 100 ali ndi masekondi 8 oti achitepo kanthu. Zikayang'anana, liwiro loyandikirana ndi makilomita 75, ndipo masekondi aja satha kukwana 5. Zikagundana, mphamvu ya kugundako imakhala pafupifupi katatu poyerekeza ndi kugundidwa kuchokera kumbuyo, chifukwa mphamvuyo imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo. Onjezani apa kuti dalaivala amene akutuluka m'kanjira kulowa mu msewu waukulu n'kukhotera kumanzere amayang'ana kumanja kwake, kumene magalimoto a mbali yakeyo amachokera. Njinga yoyenda mbali yolakwika imamutulukira kumene sakuyang'ana. Imakakamizanso wapanjinga mnzake, amene akuyenda mbali yoyenera, kuti alowe mkati mwa msewu pomupatsa njira. Mozambique ndi Malawi onse amayenda kumanzere, choncho amene amawoloka malire pa Entre Lagos kupita ku Nayuchi alibe chosintha.

Amene akufunitsitsa kuona zakumbuyo agule kagalasi ka pa handulo. N'kotchipa, ndipo kwa wa kabaza kapena wonyamula katundu wotalika amene amamutchinga pocheuka, kamagwira ntchito yaikulu.

Nanga pamphambano ndi panjanji?

Pamphambano ndi pamene malo oyendamo amafunika koposa. Musalowe kumanzere kwa lole imene yaima kapena ikuchepetsa liwiro kuti ikhote. Dalaivala wakhala kumanja ndiponso pamwamba, ndipo pansi pa chitseko chakumanzere saonapo bwino. Lole ikamakhotera kumanzere, matayala akumbuyo amadula njira kuposa akutsogolo, n'kutseka kampata kamene kamaoneka kotakata. Khalani kumbuyo kwake, pamene mukutha kuona galasi lake. Pokhotera kumanja, cheukani, kwezani dzanja lamanja, sunthirani cha pakati pa msewu musanafike pokhoterapo, ndipo dikirani zakutsogolo zidutse. Kuchoka m'mphepete mwa kumanzere n'kudula msewu wonse mwadzidzidzi ndiko kulakwitsa kumene kumasowetsa dalaivala chochita. Ngati katundu ndi wolemera moti simungachotse dzanja pa handulo, imani kumanzere, tsikani, ndipo muwoloke mukukankha njinga. Palibe chamanyazi pamenepo.

Njanji ya ku Nacala imadutsa m'boma lino kuchokera ku Cuamba mpaka ku Entre Lagos, ndipo sitima za malasha zochokera ku Moatize ndi zazitali ndi zolemera moti sizingaime pafupi ngakhale woyendetsa atakuonani. Powoloka njanji, tayala lidule zitsulozo molunjika, mopingasa bwinobwino. Mukazilowa chammbali, tayala limatererekera m'mphako ya pambali pa chitsulo ndipo mumagwa pomwepo, makamaka kukagwa mvula. Kuti muwoloke molunjika mumafunika malo okhotera, ndiye cheukani ndi kutenga malowo musanafike.

Usiku malo oyendamo amasintha?

Malo ndi omwewo, koma sathandiza kanthu ngati simukuoneka. Ogula nsomba amanyamuka kusanache ndipo ambiri amabwerera kutada, pa njinga zopanda nyali, atavala zakuda. Galimoto ya makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse, ndipo dalaivala amatha sekondi imodzi kapena kuposa asanaponde n'komwe buleki. Akakuonani pa mamita 30, nthawi yatha kale. Nyali yoyera kutsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo ndi malaya owala zimamupatsa mamita amene akusowawo. Onetsetsani kuti thumba kapena dengu silinaphimbe chonyezimiracho, ndipo katundu akatuluka m'mbali mangirirani kansalu koyera kunsonga yakumanja. Amene alibe nyali atuluke mu msewu ndi kuima nthawi iliyonse imene galimoto ikubwera, kaya ndi kutsogolo kapena kumbuyo.

Kodi zonsezi sizikusenzetsa mlandu munthu wosauka wapanjinga, pamene wopha ndi wa galimoto?

Mlandu waukulu uli ndi amene wagwira chiwongolero cha chinthu cholemera matani ambiri, ndipo izi ziyenera kunenedwa mosabisa. Lipoti la World Health Organization la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, ndiponso kuti Africa ndiyo ili patsogolo pa imfazi poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ngakhale ili ndi magalimoto ochepa. Anthu amenewa safa chifukwa choti onse ndi osasamala. Amafa chifukwa misewu imamangidwa poganizira galimoto, ndipo liwiro siliyang'aniridwa. Kuphunzitsa wapanjinga malo oyendamo sikuchotsa mlandu pa dalaivala. Kumangomupatsa munthuyo chinthu chimene angachite lero, asanadikire boma, podziwa kuti wovulala kwambiri kumidzi ya ku Chiuta ali ndi ulendo wautali kuti akafike kuchipatala chachikulu ku Cuamba.

Ndipo langizo lakale lija lili ndi vuto linanso: laphunzitsa madalaivala kuti njinga ndi mlendo mu msewu. Wapanjinga aliyense akamathawira m'udzu pongomva hutala, dalaivala amazolowera kuti hutala imalowa m'malo mwa buleki, ndipo tsiku limene adzakumane ndi gogo wosamva bwino kapena mwana amene wanyamula mng'ono wake, sadzakhala wokonzeka kuima. Ndikuopa kuti vutoli lidzakula misewu ikamakonzedwa. Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga tsopano ndi wa phula, ndipo anthu a ku Mecanhelas akufuna phula lomwelo, zomwe n'zomveka. Koma maenje amene timawadandaula ndi amenenso amachepetsa liwiro. Phula likadzabwera popanda malo olimba a njinga m'mbali ndi popanda mabampu pamisika ndi pasukulu, galimoto zidzathamanga kawiri pakati pa anthu omwewo.

N'chifukwa chake pempho likupita kwa angapo. A Administração Nacional de Estradas, bungwe loona za misewu, akamakonza msewu uliwonse m'boma lino awerengere njinga, chifukwa ndizo zambiri, ndipo m'mbali mwa msewu mukhale molimba ndi motakata. Khonsolo ya Insaca, imene inayamba ndi chisankho cha mu October 2023, ili ndi mphamvu yokonza poimira machapa ndi pogulitsira malonda kuti njinga zisamakankhidwire pakati pa magalimoto. A INATRO, bungwe loona za mayendedwe a pamsewu, ndi sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto aike kudutsa njinga m'maphunziro ndi m'mayeso. Aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a magulu a kabaza asinthe mawu amene amauza ana ndi anyamata atsopano pantchito.

Inu madalaivala, mukaona njinga ikuyenda mita imodzi mkati mwa msewu, mwini wakeyo sakuchita mwano, akuthawa mchenga ndi maenje amene inu simukuwaona muli pampando. Chotsani phazi pamoto, dikirani kutsogolo kuyere, ndipo mumudutse mutasiya mita imodzi ndi theka. Inu apanjinga, mawa mukamanga katundu pa keliyala yang'anani mabuleki ndi chonyezimira, yendani kumanzere pa dothi lolimba, cheukani msanga, ndipo lole ikakhala yaikulu kuposa msewu tulukani ndi kuima mpaka fumbi lithe.